Amalume, vinyo ameneyo musamusakanize ndi Fanta

Mwaswera bwanji amalume? Ndamva uthenga wanu, pepani ndinali ku ntchito. Mwati apongozi anu akupatsani botolo lolembedwa Kanonkop Pinotage, mwamva kuti ndi lodula, ndiye mukufunsa ngati vinyo wake ndi wotsekemera komanso chimene amadulira chonchi. Eya, ameneyo ndimamudziwa bwino, timagulitsa pa lesitilanti pomwe ndikugwira ntchito kuno ku Cape Town.

Poyamba ndinene mosabisa, satsekemera ayi. Mukamwa koyamba mumva mkamwa kuuma, ngati mwamwa tiyi wa ku Thyolo wokhathamira wopanda shuga. Musaganize kuti wawonongeka. Kuumako kumachokera ku makoko ndi njere za mphesa, ndipo ndi kumene kumathandiza kuti vinyoyu akhale zaka khumi kapena kuposa osaonongeka, m'malo mwake n'kumakomerakomera. Kuseri kwa kuumako mumva kafungo ka zipatso zakuda zakupsa, kenako kautsi pang'ono. Mukameza, kukomako kumatsalira pakhosi nthawi yaitali. Ine mpamene ndimazindikirira vinyo wabwino. Wotchipa uja mukangomeza basi, nkhani yatha.

Kanonkop ndi dzina la munda wa mphesa, uli ku Stellenbosch, m'mphepete mwa phiri la Simonsberg. Ndinapitako kamodzi ndi anzanga a ku ntchito. Mphesa ya Pinotage ndi ya konkuno ku Joni, anaipanga ndi mphunzitsi wa pa yunivesite ya Stellenbosch, Abraham Perold, mu 1925, pokwatitsa mitundu iwiri, Pinot Noir ndi Cinsaut. Ndiye chimene vinyoyu amadulira chonchi, amalume, inu ndinu mlimi mumvetsa. Mitengo yake ndi yakale, ina inabzalidwa mu 1953, ndipo mtengo wokalamba umabereka zochepa koma zokoma kwambiri. Amathyola ndi manja. Akazifinya amaziika m'mathanki otsegula pamwamba, anthu n'kumakankhira makoko pansi ndi mitengo maola awiri alionse, usana ndi usiku, mpaka zitawira bwino. Kenako vinyo amagona kupitirira chaka m'migolo ya mtengo wa oak yochokera ku France, ya malita 225, ndipo mgolo umodzi wokha ndi ndalama zambiri. Ndinalowa m'nyumba ya migoloyo, kukuzizira, kuli zii, fungo lake mpaka pano ndimalikumbukira.

Tsono mverani apa. Botolo musaliike pawindo kapena m'galimoto, kutentha kwa Okutobala kwanuko kungamuphe. Ligonekeni chammbali m'kabati, malo amdima, kuti chitsekero chisaume. Tsiku lomwa liikeni mufiriji mphindi makumi awiri zokha, azizire pang'ono ngati madzi a mumtsuko, osati ngati Carlsberg. Mukatsegula musathamangire. Thirani mujagi yagalasi, mudikire ola limodzi, apume, kuuma kuja kumafewa. M'tambula musadzaze, pang'ono pokha, muzunguze, mununkhize kaye.

Ndiwo zake ndi nyama. Mbuzi yootcha, kapena ng'ombe yamafuta pang'ono, mafutawo ndi vinyoyu zimagwirizana kwabasi. Chambo ayi, chambo chimafuna vinyo woyera, ndi uyu chimamveka ngati mwaluma chitsulo. Tsabola wa kambuzi muchepetsenso tsiku limenelo.

Komanso vinyoyu ndi waukali, mphamvu yake ya mowa imafika 14 peresenti, ndiye mukumbukire mankhwala anu a BP aja, mufunse kaye adokotala. Botolo limodzi limatulutsa matambula asanu, ndiye itanani apongoziwo mumwere limodzi, adzasangalala kuona kuti mphatso yawo mwailemekeza. Amayi amvera uthengawu, ndikudziwa, anena kuti mwana wanga wayamba kuphunzitsa anthu mowa. Amayi, ndi ntchito yanga imeneyi, ndimaikonda.

Mundijambulire kutsogolo kwa botolo, ndione chaka chimene chalembedwapo. Likakhala la posachedwa ndikuuzani mulisunge kaye, mwina mpaka ukwati wa achemwali. Basi, ndikukakwera takisi, mupereke moni kwa onse kunyumba.