Za achimwene zodzuka usiku kukataya madzi

Ee alamu, voisi yanu ndaimva, pepani netiweki kuno ku Ngabu ikuvuta ndiye ndayankha mochedwa. Mwati achimwene akumadzuka kanayi kasanu usiku kukataya madzi, ndiye anzawo a pa bawo awauza kuti ndi mahomoni achimuna atha, agule jakisoni wa testosterone. Iii alamu, ndalama imeneyo asatulutse kaye.

Kugwirizana kulipo inde, sindikukana. Testosterone imeneyo imatsika pang'onopang'ono mwamuna akapitirira zaka 40, ndipo thupi limaipanga kwambiri munthu ali mtulo, nchifukwa chake poyeza amatenga magazi m'mawa. Ndiye taganizani munthu akudzuka kasanu, kutuluka mu neti, kufufuza tochi, kupita kuchimbudzi uku akuopa njoka, pobwera udzudzu walowa kale mu neti muja, tulo take tabwino tichokera kuti? Mahomoniwo atsikadi. Ndiye mwina kukodzako ndi kumene kukutsitsa mahomoni, osati mahomoni kuyambitsa kukodza, mwandimva eti?

Koma chimene chimavuta azibambo ambiri a msinkhu wa achimwenewa ndi kachiwalo kotchedwa prostate. Kali pansi pa chikhodzodzo, kazungulira njira ya mkodzo, ndipo kamakula ndi ukalamba, chimene chimakakulitsa ndi testosterone yomweyo ikasanduka ina yotchedwa DHT. Kakakula kamafinya njira ija, mkodzo umatuluka modontha, chikhodzodzo sichitha bwinobwino, pakapita ola munthu wamvanso. Mankhwala ena a prostate, finasteride, ntchito yake ndi kuchepetsa DHT imeneyo. Ndiye wina azikabayanso testosterone wogula pa msika osayezetsa? Imeneyo imakhwimitsanso magazi, BP nkukwera.

Ine ndikanati ayambe ayezetsa shuga, nkabaya pa chala basi, ngakhale pa helefi senta amayeza. Shuga amakodzetsa usiku, ludzu losatha. Chachiwiri likodzo, paja achimwene amakhalira m'madzi ku dimba kuja kufupi ndi Shire, mukawafunse ngati amaona magazi kumapeto kwa mkodzo, likodzolo mankhwala a praziquantel amathana nalo. Komanso mapilitsi a BP aja, ngati muli HCTZ azimwa m'mawa, amenewo ndi okodzetsa, ena amamwa madzulo osadziwa.

Ndiye kutentha kwathu kuno, Okutobala uno, munthu tsiku lonse ali pa dzuwa osamwa madzi, madzulo nkudzagubuduza jagi yonse, kuonjezera tiyi, kaya ka Chibuku, hahaha musawabisire alamu ndimawadziwa achimwene anga. Madzi azimwa masana, ikamakwana 6 koloko achepetse. Ngati miyendo imatupa azikweza pa mpando madzulo, madzi a m'miyendo aja ndi amene amasanduka mkodzo munthu akagona.

Chitani ichi masiku atatu: tengani botolo la Sobo la malita awiri lopanda kanthu, azikodzeramo usiku, m'mawa muone pafika, mulembe ndi kangati adzuka. Mkodzo wambiri nthawi iliyonse ndi nkhani ina, timadontho pafupipafupi ndi nkhani inanso, adokotala ku Chikwawa kapena ku Montfort ku Nchalo kapepala kameneko kawathandiza, akaona kuti nkofunika awatumiza ku Queens.

Koma mkodzo ukadzangotsekeka osatuluka, mimba nkutupa, musadikire kuche, pezani njinga yamoto usiku womwewo. Lachiwiri ndili free, ndiwaperekeza ineyo, inu mungowanyengerera, paja amakana chipatala aja.