Funsani akatswiri: Choyezera chili ndi satifiketi, nanga bwanji miyezo ikusiyana?

FUNSO: Pafakitale pathu timasema mashafuti, ndodo zachitsulo zobulungira, onenepa mamilimita 25. Kasitomala amalola kuti apitirire kapena kuperewera ndi 0.02 mm basi. Vernier caliper yathu, chida choyezera kunenepa chokhala ndi nsagwada ziwiri, tinaitumiza ku labotale miyezi iwiri yapitayo, inabwerako ndi satifiketi. Koma shafuti imodzimodziyo, a shifiti ya masana akuti ili bwino, a usiku akuti njotaya. Timvere ndani? — Woyang'anira ntchito yoyeza katundu

YANKHO: Pakadali pano musamvere aliyense, komanso musawakalipire. Satifiketi ikungokuuzani kuti tsiku limene caliper inali ku labotale, m'manja mwa katswiri, inkawerenga zoona. Za manja a antchito anu, satifiketiyo sinenapo kanthu.

Vuto loyamba ndi chida chomwecho. Malire anu onse ndi 0.04 mm (0.02 yopitirira ndi 0.02 yoperewera), ndipo lamulo la amisiri ndi lakuti choyezera chizitha kuona gawo limodzi mwa magawo 10 a malirewo, kutanthauza 0.004 mm. Caliper imalekera pa 0.02 kapena 0.01 mm, ndiponso nsagwada zake zimapendekeka pang'ono munthu akakanikiza ndi chala chachikulu. Apa pakufunika micrometer, choyezera chotseka ndi sikuluwu, yowerenga 0.001 mm, ndipo aliyense azitseka pogwiritsa ntchito ratchet, kachopotokola ka kumapeto koletsa kumanga mopitirira, osati kumanga ngati akumanga bawuti.

Kenako onani kutentha. Miyezo ya pa zojambula imatengera kutentha kwa madigiri 20 Celsius. Chitsulo chotalika mita imodzi chimafutukuka pafupifupi 0.0115 mm pa digiri iliyonse. Choncho shafuti yanu ikachoka pamakina itatentha kufika pa madigiri 40, yanenepa kale ndi pafupifupi 0.006 mm. Zikuoneka zochepa, koma ladyedwa pamenepo ndi gawo limodzi mwa magawo 7 a malire anu. Aluminiyamu ndiye imafutukuka kuwirikiza kawiri. Mwina a masana amayeza shafuti ikadali yofunda, a usiku amaipeza itazizira, ndipo onse akunena zoona.

Mukakonza ziwirizi, chitani mayeso otchedwa Gage R&R, oona ngati kusiyana kwa miyezo kukuchokera ku chida kapena kwa anthu oyeza. Sankhani mashafuti 10, ena onenepa ena owonda monga momwe amatulukira tsiku ndi tsiku, osati osankha okongola okha. Alembeni manambala pamalo osaonekera kwa woyeza. Anthu atatu amene amagwiradi ntchitoyo ayeze shafuti iliyonse katatu, mukusakaniza mashafutiwo ulendo uliwonse, ndipo wina asaone zimene mnzake wapeza. Yonse ikhala miyezo 90. Kubisa manambalako musakuone ngati masewera: munthu akakumbukira kuti shafuti iyi inali 25.01, dzanja lake limaisaka nambalayo mpaka kuipeza.

Munthu mmodzi akamapeza zosiyanasiyana pa shafuti yomweyo, kayikirani chida, fumbi ndi mafuta pansonga zake, kapena shafuti yosazungulira bwino. Ngati aliyense akudzibwereza bwino koma akusiyana ndi anzake, vuto ndi kayezedwe, ndiye lembani malo enieni oyezera ndipo muwaphunzitse limodzi. Kusiyana konseku kukachepera 10 peresenti ya malire, njira yanu ili bwino. Pakati pa 10 ndi 30 mutha kulolera malinga ndi ntchito ya chitsulocho. Kukaposa 30 peresenti, musaweruzenso nayo katundu.

Poyamba shifiti iliyonse, pukutani nsonga za micrometer, muiyese pa gauge block ya 25 mm, kachitsulo ka muyezo wodziwika bwino koyesera zida, ndipo mulembe chimene yawerenga. Ikagwa pansi, ichotseni pamzere mpaka itayesedwanso, ngakhale tsiku la pa satifiketi lisanathe.