Mafunso a chitetezo aja: yankhani bodza, koma bodzalo mulilembe penapake

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a ku Chadiza, ndi amayi, dzina sinditchula. Akuchita maphunziro a distance, ndiye potsegula akaunti pa webusaiti ya koleji yawo anawakakamiza kusankha mafunso atatu, ma security question aja, osayankha palibe kupita kutsogolo. Papita zaka ziwiri, pasiwedi ayiwala, webusaiti yawafunsa dzina la sukulu yawo yoyamba, alemba sukulu yomwe anaphunzirako grade 1 mpaka 7, yakana. Ayesanso yakana, mpaka akaunti yatsekedwa pomwe assignment ikufunika. Anamaliza ndi mawu awa: "Kodi zimenezi zimatiteteza zoona kapena ndi kungotivutitsa chabe? Nanga munthu ukanama poyankha ndi mlandu?"

Aphunzitsi, zikomo polemba, ndipo musaganize kuti vuto ndi mutu wanu kapena kuti ukalamba wayamba. Kukwiya kwanu kuli ndi chifukwa. Mafunso amenewa ndi njira yofooka, akatswiri a zachitetezo cha pa intaneti anasiya kale kuikhulupirira, ndipo kwa ife a kuno kummawa kwa Zambia ndi yofooka kawiri.

Ndiyambe ndi chomwe chinakukanizani. Kompyuta siidziwa sukulu yanu, siidziwa kuti ili kutsidya kwa dambo kapena kuti ahedi anali ndani. Imangoyerekeza zilembo zomwe mwalemba lero ndi zomwe munalemba tsiku lija, chilembo ndi chilembo, kukasiyana kamodzi chabe basi yakana. Manje taganizani njira zomwe dzina limodzi la sukulu lingalembedwere. Inu nomwe mukudziwa kuti masukulu ambiri omwe tinkawatchula Basic School anabwerera kukhala Primary School, ndiye tsiku lija munalemba liti? Kapena munalemba dzina lokha osaikapo School? Mabuku a Cinyanja a kusukulu amalemba c pomwe ambiri a ife pa foni timalemba ch, wina alemba Navutika wina Nabvutika, wina ayamba ndi chilembo chachikulu wina chaching'ono, foni nayo imakonda kusintha mawu achinyanja yokha kapena kuika mpata kumapeto osakuuzani. Yankho lanu linali loona, koma kuona kwa yankho makinawo alibe nako ntchito.

Ndipo si inu nokha. Mu 2015 a Google anatulutsa kafukufuku wa mafunso amenewa pogwiritsa ntchito maakaunti a anthu awo, ndipo anapeza kuti pa anthu olankhula Chingelezi a ku America, pafupifupi 40 peresenti ankalephera kukumbukira mayankho awo nthawi yomwe akufunika. Anthu amenewo mafunso anapangidwira iwo, m'chilankhulo chawo, ndi moyo wawo, koma ankalepherabe. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti pa funso la chakudya chomwe munthu amakonda, wakuba akangoyesa kamodzi kulemba pizza anali ndi mwayi wa pafupifupi 20 peresenti wolowa. Ndiye mwini wake zikumukanika, wakuba zikumuyendera. Kuno funso limenelo silifuna olo kuganiza, nsima ndi nkhuku, nsima ndi kapenta, mwatha theka la tauni.

Apa ndipo pamene ndimafuna tikhalepo pang'ono chifukwa nkhani yagona apa. Funso lotchuka kwambiri ndi la dzina la amayi anu asanakwatiwe. Mabanki a kwa azungu anayamba kuligwiritsa ntchito zaka zoposa 100 zapitazo, chifukwa kwawoko mkazi akakwatiwa ankatenga dzina la mwamuna ndipo la kwawo linkaiwalika, linkadziwika ndi apabanja okha. Kwathu kuno dzina limenelo ndi lomwe amayi amaitanidwa nalo tsiku lililonse. A Naphiri, a Nabanda, a Nambewe, ku Lundazi a Nyazimba, kuchigayo amawaitana choncho, kutchalitchi choncho, kudimba choncho. Ife Achewa mtundu timautsata kuchikazi, amalume ndiwo eni mbumba, ndiye dzina la kwa amayi lingakhale bwanji chinsinsi? Olo munthu asakudziweni konse, angoyesa Phiri, Banda, Mwale, Tembo, Zulu, Mbewe, Daka, Sakala, Lungu, sipapita nthawi wapeza. Uthenga wa maliro ukawerengedwa pa Breeze FM kapena Radio Maria, mayina a banja, mudzi, mfumu, zonse zimamveka kuchigawo chonse, ndipo palibe cholakwika pamenepo, ndimo timakhalira. Cholakwika ndi kutenga zinthu zomwe mudzi wonse ukudziwa nkuzisandutsa kiyi.

Mafunso enawo nawo ndi chimodzimodzi. Mzinda womwe munabadwira: munthu wobadwira kumudzi alembe chiyani, mudzi, mfumu, kiliniki kapena boma? Amene anabadwira ku Chipangali kapena Kasenengwa chisanafike chaka cha 2018 anabadwira m'boma la Chipata, lero madera amenewo ndi maboma paokha, ndiye lero alemba ichi mawa icho. Agogo ena mapepala awo amati Fort Jameson. Ndipo amene sakayika yankho lake ndiye ali pangozi, chifukwa Chipata, Katete, Petauke, Lundazi, Nyimba, mayina ake ndi owerengeka pa zala. Sukulu ya sekondale yomwe munapitako ili pa Facebook yanu pamwamba penipeni, Chizongwe, Hillside, St Monica's, Chassa, pamodzi ndi gulu la anzanu a intake yanu. Dzina la chiweto chanu choyamba, ambiri kwathu galu anali wolondera pakhomo, wa banja lonse, ndipo theka la agalu a m'komboni ndi Tiger kapena Danger. Galimoto yoyamba, msewu womwe munakulira, ambiri tilibe olo choyankha, ndiye munthu amangolemba chilichonse kuti adutse, nkuiwala tsiku lomwelo.

Tikamva za kubedwa akaunti timaganiza za munthu wa kutali kunja, koma pa mafunso awa woopsa kwambiri ndi wapafupi. Mwamuna amene munasiyana naye, msuweni, mnzanu wa ku staffroom amene simukumvana, onsewa mayankho anu oona amawadziwa osafunsa. Pitani pa internet cafe iliyonse nthawi yolembetsa ma koleji mukaone. Mnyamata ali pa kiyibodi, kasitomala waima kumbuyo kwake ndi envelopu ya ma results, pamzere pali anthu sikisi akudikira, ndiye mnyamata uja akufunsa mokweza osatembenuka, "Amama anu dzina la kwawo ndani? Munabadwira kuti?" kasitomala akuyankha mokwezanso chifukwa printa ikusokosa. Pasiwedi wasankha mnyamatayo, nthawi zambiri dzina la kasitomala ndi chaka chobadwa, walemba pa kapepala kong'amba, kasitomala wapinda waika m'kavala ya foni. Anyamata ambiri oterewa ndi okhulupirika, akungothandiza anthu, koma chinsinsi palibenso pamenepo.

Zimenezi zinagwerapo anthu akuluakulu. Mu 2008, Sarah Palin akupikisana nawo pa udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti ku America, wophunzira wina wa pa yunivesite analowa mu imelo yake ya Yahoo osathyola pasiwedi iliyonse. Anangodina kuti wayiwala pasiwedi, nkuyankha tsiku lobadwa, khodi ya positi ya dera lawo ndi komwe mayiyo anakumana ndi mwamuna wake, zonse anazipeza pofufuza pa intaneti. Pasiwedi ikhale yolimba bwanji, ngati pali njira yoidumpha ndi funso lophweka, mwakhoma khomo la kutsogolo ndi loko wamkulu pomwe la kumbuyo mwangomanga ndi luzi.

Palinso china chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa izi. Kampani yomweyo ya Yahoo inaberedwa zinthu za anthu mu 2013, inadzaulula mu 2016, ndipo mu 2017 inavomereza kuti maakaunti onse 3 biliyoni anakhudzidwa. Mwa zobedwazo munali mafunso a chitetezo ndi mayankho ake, ena osabisidwa nkomwe. Pasiwedi ikabedwa mumasintha. Dzina la amayi anu mungasinthe? Ndipo poti mawebusaiti ambiri amafunsa mafunso amodzimodzi, yankho loona likabedwa pamalo amodzi latsegula kwina konse, moyo wanu wonse.

Ndiye chifukwa chake mu 2017 bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linalemba m'malangizo ake kuti mawebusaiti asamauze anthu kugwiritsa ntchito mafunso otere. Google sikufunsaninso mafunso amenewa potsegula akaunti yatsopano, Apple nayo inasamukira ku khodi yobwera pa foni. Nanga ena akakamira chifukwa chiyani? Kutchipa. Meseji iliyonse ya khodi kampani imalipira, munthu woyankha mafoni a oyiwala mapasiwedi amafuna malipiro, pomwe funso ndi laulere. Ena sisitemu yawo ndi yakale, amene anaipanga anachoka kalekale ndipo palibe amene akufuna kuikhudza. Pa Windows, kuyambira 2018, mukamatsegula akaunti ya pa kompyuta pomwepo yosalumikiza ku Microsoft imakufunsani mafunso atatu, apo ndimamvetsako pang'ono chifukwa laputopu yopanda intaneti ilibe potumiza khodi. Koma koleji kapena kampani yomwe ili ndi nambala yanu ya foni ndi imelo yanu ilibe chowiringula, ndi ulesi basi, ndipo amene amavutika ndi inu.

Manje funso lanu la kunama. Si mlandu, aphunzitsi. Pamalo pomwe akufunsa dzina lanu, nambala ya reji (NRC), tsiku lobadwa, makamaka kubanki, ku mobile money kapena pa mafomu a boma, apo lembani zoona zokhazokha chifukwa ndi zokuzindikiritsani ndipo adzayerekeza ndi NRC. Koma yankho la security question palibe amene amakalifufuza kumudzi, ndi pasiwedi yachiwiri chabe, ndiye muitenge ngati pasiwedi. Akafunsa sukulu yanu yoyamba, lembani mawu atatu kapena anayi osagwirizana, ngati mphasa bakha 47 chitenje. Zilembo zazing'ono zonse, mawu omwe kalembedwe kake simukayika, ndiponso oti mungathe kuwatchula pa foni ngati wa ku ofesi atakufunsani. Chenjezo limodzi: kafukufuku wa Google uja anapeza kuti anthu 37 peresenti ankanama kale, koma ambiri ankanama bodza lofanana, ndiye linkapezeka mosavuta. Kulemba Lusaka m'malo mwa Chipata, kapena sindikudziwa, kapena 1234, sikuthandiza. Bodza lake likhale lopanda mutu, ndipo webusaiti iliyonse ikhale ndi lake.

Mudzati nanga ndikumbukira bwanji poti loona lomwe linandikanika. Simukumbukira, mulemba. Gulani kabuku kakang'ono, tsamba lililonse akaunti imodzi: dzina la webusaiti, funso momwe lalembedwera, yankho chilembo ndi chilembo, ndi deti. Kabukuko kakhale komwe mumasunga ma certificate ndi makhadi a ana a sikelo, osati m'chikwama chopita nacho kusukulu, osati m'dirowa ya ku staffroom, osati m'meseji ya WhatsApp pa foni yomwe ana amaseweretsa madzulo. Ndikudziwa kuti tinauzidwa kuti pasiwedi salemba papepala, koma wakuba wa pa intaneti sangafike mu sutikesi ya kuchipinda kwanu, ndipo kabuku kobisidwa bwino nkabwino kuposa yankho lomwe mudzi wonse ukudziwa. Ngati m'nyumba muli munthu amene simumukhulupirira, apo bola pulogalamu yosunga mapasiwedi ngati Bitwarden, ndi yaulere, imakhala ndi malo olemba manotsi, inu mumangosunga pasiwedi imodzi yaikulu m'mutu.

Pomwe webusaiti ikulolani kuika nambala ya foni kapena imelo ina yobwezeretsera akaunti, ikani, ndi njira yabwinoko kutali. Kungoti nayo ili ndi zake. Simu ikhale yolembetsedwa ndi reji yanu, osati ya amuna anu kapena ya mphwanu, chifukwa ikatayika amene angaibweze ndi mwini reji. Simu ya Airtel, MTN kapena Zamtel ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito nambala imatha kupatsidwa kwa munthu wina, makhodi anu nkumapita kwa iyeyo, ndiye mukasintha nambala musinthenso m'maakaunti onse. Khodi yobwera pa meseji musauze munthu, olo aimbe mwaulemu bwanji kuti ndi wa ku ofesi. Ndipo timasewera ta pa Facebook tija toti tchulani galu wanu woyamba, aphunzitsi anu a grade 1, mudzi wa amayi anu, tidutseni chabe, ndi mafunso omwewa atavala zovala zina.

Za akaunti yatsekedwayi, lekani kuyesa mayankho, mawebusaiti ena mukamayesabe amawonjezera nthawi yotseka. Lemberani a ICT kapena a registry a kolejiyo kuchokera pa imelo yomwe munalembetsa nayo, muikemo student number ndi nambala ya foni, ndipo lecturer wa assignment ija mumuuze lero lomwe ndi screenshot yosonyeza kuti akaunti yatsekedwa, deti isanadutse. Akachedwa kuyankha ndipo ali ndi ofesi kuno ku Chipata, bwerani ndi reji ndi ID ya sukulu, pamaso zimayenda msanga. Akakutsegulirani, musatuluke musanasinthe mayankho onse atatu ndi kuwalemba m'kabuku. Ndipo m'kalata yomweyo muwapemphe kuti achotse mafunsowa aike khodi ya pa foni, muwauzenso anzanu a m'kalasi alembe zomwezo, chifukwa madandaulo akachuluka ndi pomwe a ICT amapeza poyambira kupempha ndalama yokonzera sisitemu. Mudzandiuze zomwe akuyankheni, koma pasiwedi kapena mayankho anu atsopano musanditumizire, olo ine.