Yankho kwa malume: timu ya London Knights m'nyengo ya 2004–05

Malume, ndamvetsera uthenga wanu womwe mwatumiza pa gulu lathuli. Mwafunsa chifukwa chomwe anthu a kuno ku London, m'chigawo cha Ontario ku Canada, amatamandirabe timu ya hockey ya pa ayezi ya 2005 ngakhale kuti osewera ake anali anyamata chabe, ndipo mwaonjezera kuti mwina mbiri yawo inakula chifukwa chakuti chaka chimenecho ligi ya akuluakulu ya NHL sinaseweredwe. Maganizo anuwo ali ndi choona chake, koma ine sindikuvomereza kuti ndicho chifukwa chenicheni, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndifotokoze mwadongosolo.

Choyamba mudziwe mtundu wa ligi yomwe tikunenayi. Ku Canada kuli maligi atatu akuluakulu a achinyamata a zaka 16 mpaka 20, omwe ndi OHL ya ku Ontario, WHL ya kumadzulo, ndi QMJHL ya ku Quebec ndi zigawo za kum'mawa. London Knights imasewera mu OHL, yomwe nthawi imeneyo inali ndi matimu 20, ndipo timu iliyonse inkasewera masewera 68 isanalowe mu chipulula. Anyamatawa amachoka kwawo ali aang'ono n'kumakakhala ndi mabanja a mumzinda womwe timu yawo ili, ambiri akuphunzirabe sukulu, koma masewera awo si a chibwana ayi, chifukwa ndi m'maligi amenewa momwe matimu a NHL amasankhamo osewera ambiri. Kumapeto kwa nyengo akatswiri a maligi atatuwa, pamodzi ndi timu ya mzinda wolandira alendo, amalimbirana chikho cha Memorial Cup, chomwe chinayamba kuperekedwa mu 1919 pokumbukira asilikali a ku Canada omwe anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Kuti mumvetse chimwemwe cha anthu a kuno, muyenera kudziwa kumene timuyi inachokera. Inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo kwa zaka pafupifupi 40 sinatengepo chikho cha ligi ngakhale kamodzi. Mu nyengo ya 1995–96 inafika pochititsa manyazi, pamene inapambana masewera 3 okha, n'kugonja 60 ndi kulepherana mphamvu 3. Zinthu zinayamba kusintha mu 2000 pamene abale awiri, Dale Hunter ndi Mark Hunter, omwe onse anaseweraponso mu NHL, anagula timuyi. Dale anadzakhala mphunzitsi, Mark n'kumayang'anira zosankha ndi kusinthanitsa osewera, ndipo mu 2002 mzindawu unatsegula bwalo latsopano la John Labatt Centre lolowa anthu pafupifupi 9,000. Choncho masapota omwe ankadzaza bwalolo mu 2004 ambiri anali omwe aja anaonerera timu yawo ikukwapulidwa sabata ndi sabata zaka zosakwana khumi m'mbuyomo.

Nyengoyo itayamba, London inasewera masewera 31 otsatizana osagonja, kupambana 29 ndi kulepherana mphamvu 2. Mbiri yakale inali ya Brandon Wheat Kings, yomwe inafika masewera 29 mu 1978–79. Yoyamba kuigonjetsa London inali Sudbury Wolves, pa 17 Disembala 2004, ndi zigoli 5 kwa 2. Pofika kumapeto, timuyi inali itapambana masewera 59, kugonja 7 ndi kulepherana mphamvu 2, zomwe zinaipatsa mapointi 120. Inamwetsa zigoli 310 ndipo inagoletsedwa 125 zokha.

Nambala yotsirizayi ndi yomwe ine ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse, ngakhale kuti anthu ambiri amathamangira kutchula omwetsa zigoli. M'masewera a achinyamata zigoli zimachuluka kwambiri, chifukwa mnyamata wa zaka 17 amafuna kuoneka akugoletsa, ndipo kubwerera kumbuyo kukatchinga amakuona ngati ntchito ya wina. Kugoletsedwa zigoli 125 m'masewera 68 kukutanthauza kuti pa masewera amodzi timuyi inkalola zigoli zosakwana ziwiri. Zimenezi sizichitika mwamwayi, ndipo sizichitikanso chifukwa chakuti NHL yatsekedwa. Zimachitika pamene mphunzitsi wakwanitsa kuphunzitsa anyamata aluso kuti azigwira ntchito yomwe siitamandidwa, monga kudziponya pa ayezi kuti kachimbale kolimba kaja, komwe amakatcha puck, kamenye thupi lawo m'malo mofika kwa goloboyi. Kaputeni wawo, Danny Syvret, anali wotchinga kumbuyo, ndipo zimenezo zokha zikusonyeza komwe kunali mtima wa timuyi.

Omwetsa zigoli analiponso ndithu. Corey Perry, yemwe anali ndi zaka 19, anagoletsa zigoli 47 ndipo anathandiza anzake kugoletsa ka 83, zomwe pamodzi zinamupatsa mapointi 130, pakuti mu hockey wogoletsa ndi womupatsira onse amalandira pointi. Iye anatsogola ligi yonse ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Pambali pake panali Dylan Hunter, mwana wa mphunzitsiyo, komanso Rob Schremp ndi Dave Bolland. Chomwe chimandigometsa n'chakuti eni timuyi sanakhutire ngakhale zinthu zinkayenda bwino chotere. Pakati pa nyengo anakatenga goloboyi Adam Dennis ndi wotchinga kumbuyo Dan Girardi ku Guelph Storm, ngakhale kuti anali kale ndi goloboyi wabwino, Gerald Coleman. Ena akanaopa kusokoneza timu yomwe ikupambana, koma abale a Hunter ankayang'ana kale masewera a mwezi wa Meyi.

Mu chipulula, momwe timu imayenera kupambana masewera anayi mwa asanu ndi awiri kuti ipitirire, London inatulutsa Guelph ndi Windsor osagonjako, kenako Kitchener ndi Ottawa 67's, iliyonse ndi masewera 4 kwa 1. Apa pali mfundo yomwe musaiphonye, malume. Mzinda wa London ndi womwe unkalandira mpikisano wa Memorial Cup chaka chimenecho, kotero malo a timuyi anali osungidwa kale ngakhale ikanagonja msanga. Ikanalowera njira imeneyo, anthu akanainyoza kuti yangopatsidwa mpando. M'malo mwake inalowa itatenga kale chikho cha OHL, cha J. Ross Robertson Cup, koyamba m'mbiri yake, ndipo malo a ligiyo anapita kwa Ottawa yomwe inali yachiwiri.

Tsopano ndibwere pa nkhani ya NHL yomwe mwaitchula. N'zoona kuti eni matimu ndi osewera analephera kumvana pa za malipiro, ndipo mu Febuluwale 2005 nyengo yonse inathetsedwa. N'zoonanso kuti zimenezi zinatembenuzira maso a dziko lonse la Canada kwa achinyamata, komanso kuti osewera ena omwe mwina akanakwera kale anatsalira m'maligi awo. Koma taonani kuti mwayi umenewu sunagwere London yokha. Matimu onse anasunga akatswiri awo, kotero mpikisanowo unalimba, sunafewe ayi. Kelowna Rockets inabwera ku London ili ndi chikho cha Memorial Cup cha chaka chapitacho, ndipo Rimouski Océanic ya ku Quebec inabwera ndi Sidney Crosby, mnyamata wa zaka 17 yemwe anapeza mapointi 168 m'masewera 62 ndipo aliyense ankadziwa kuti ndiye adzasankhidwe koyamba ndi matimu a NHL. Miyezi yochepa m'mbuyomo Crosby, Perry ndi Syvret anali atavala yunifolomu imodzi ya Canada n'kutenga golide pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse, kotero ankadziwana bwino.

Masewera otsegulira anali a London ndi Rimouski, ndipo anatha 4 kwa 3 mu nthawi yowonjezera, chigoli chopambanira atamwetsa Marc Methot, yemwenso anali wotchinga kumbuyo. London inagonjetsanso Kelowna ndi Ottawa n'kupita molunjika ku ndime yotsiriza. Rimouski inayenera kudzera kwa Ottawa kaye, ndipo inapambana 7 kwa 4, Crosby atagoletsa zitatu. Pa 29 Meyi 2005 matimu awiriwa anakumananso, ndipo London inapambana 4 kwa 0. Adam Dennis, yemwe uja anamutenga pakati pa nyengo, sanalole chigoli ngakhale chimodzi, ndipo Crosby anatuluka m'bwalo wopanda pointi. Chilungamo chikufuna kuti ndinene kuti Rimouski inali itasewera dzulo lake pamene London inali itapumula, ndipo a ku Quebec akamadandaula za zimenezo sindiwatsutsa. Komabe mpumulowo London inaugwirira ntchito popambana masewera ake onse atatu oyambirira. Perry anasankhidwa kukhala wosewera wopambana wa mpikisanowo, ndipo mu 2018 timu ya London ya nyengo imeneyi inalengezedwa kuti ndiyo yopambana m'zaka 100 za Memorial Cup.

Mwafunsanso ngati anyamatawa anapita patali. Perry anatenga Stanley Cup, chikho cha akatswiri a NHL, ndi Anaheim mu 2007, ndipo mu 2011 anasankhidwa kukhala wosewera wofunika kwambiri mu NHL yonse. Bolland ndiye anamwetsa chigoli chomwe chinapatsa Chicago chikho chomwecho mu 2013. Girardi, yemwe timu iliyonse ya NHL inamulambalala posankha osewera, anadzalowa ku New York Rangers ndipo anasewera masewera oposa 900 mu ligiyo. Ena monga Schremp ndi Syvret anasewerako mu NHL koma sanakhazikikemo, ndipo mbali yaikulu ya ntchito yawo anaigwirira m'maligi aang'ono ndi ku Ulaya.