Tablet wakana kulimba? Musanamizire shuga

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera kuti anadyako tablet (switi ya shuga, mkaka ndi batala) ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland, ndipo chibwerereni wayesa katatu kumuphika kunyumba. Koyamba anatuluka ngati phala, kachiwiri ankakukutika m'mano ngati mchenga, kachitatu anapserera pansi. Akufunsa ngati vuto ndi shuga wa kuno.

Ayi mayi, shuga alibe mlandu. Mavuto atatuwo ndi osiyana, koma gwero lake ndi limodzi: tablet si switi yongosakaniza zinthu n'kuwiritsa. Ntchito yonse yagona posungunula shuga mpaka asatsale ndi kambulu komwe, kenako n'kumulola kuti aumenso timibulu tating'onoting'ono pa nthawi imene inuyo mwafuna, osati imene iye wafuna. Ku Scotland akhala akulimbana ndi zimenezi kwa zaka zoposa 300. Tablet amatchulidwa kale m'buku la zogula za pakhomo la Lady Grisell Baillie la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, nthawi imene ankangogwiritsa ntchito shuga ndi mafuta a pamwamba pa mkaka. Mkaka wa condensed (wokhuthala, wa m'chitini) unabwera pambuyo.

Anthu ambiri amasokoneza tablet ndi switi ina yofanana naye yotchedwa fudge, ndipo zimenezi zimandiwawa, chifukwa maphikidwe ena a pa intaneti amalemba "tablet" pamwamba koma m'katimo akukuphunzitsani fudge. Fudge amamusiya kuti azizire kwambiri asanamutakase, n'chifukwa chake amakhala wofewa ndi wosalala. Tablet amatakasidwa akadali wotentha, kotero timibulu take timakulako pang'ono: ukamuthyola amati phwa, ukamuika pa lilime amasungunuka. Mukaona pa mndandanda pali golden syrup wambiri kapena glucose (manyuchi a shuga), dziwani kuti zimenezo ntchito yake ndi kuletsa shuga kuuma timibulu. Ndiye muletserenji chinthu chimene mukuchifuna? Chimene mungapeze pamenepo n'chokoma ndithu, koma si tablet.

Maswiti a ku Scotland ambiri amasewera ndi shuga mwanjira yomweyi. Edinburgh rock amamukoka mpaka ayere, n'kumusiya kuti afewe ngati choko. Macaroon wa kumeneko, yemwe amamupanga pakhomo, m'kati mwake mumakhala mbatatesi yophika yosakaniza ndi icing sugar, kunja chokoleti ndi kokonati. Pomwe soor plooms a ku Galashiels ndi olimba ngati galasi, ndipo pamenepo timibulu ndiye mdani. Koma tibwerere ku poto wanu.

Chimene mabuku a ku Scotland sangakuuzeni ndi ichi. Glasgow ali pafupi ndi nyanja yamchere, madzi amawira pa madigiri 100. Lilongwe ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,050 kuposa nyanjayo, ndipo mamita 300 aliwonse amachotsa digiri imodzi. Kwanuko madzi amawira cha pa 96 kapena 97. Buku likati fikitsani pa 118, inu mukafikitsadi pa 118, mwapyoza: madzi ochuluka auluka, tablet auma gwa m'poto momwemo kapena angoyoyoka. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre imani pa 114 kapena 115. Wa ku Nsanje atha kutsata buku mmene lilili. Ngati muli ndi thermometer (choyezera kutentha), iviikeni kaye m'madzi owira, muone kuti yaperewera zingati pa 100, n'kuchotsa nambala yomweyo pa 118.

Za phala lija: munaphula msanga, kapena simunatakase mokwanira. Musataye. Bwezerani m'poto, thirani masupuni atatu a mkaka, sungunulani pa moto wochepa, muwiritsenso.

Za mchenga: munakoleza moto shuga asanasungunuke. Kambulu kamodzi kotsalira kamaitana anzake, ndipo amakula nthawi yonse imene mukuwiritsa. Apa m'pamene ambiri amagwa chifukwa chopupuluma. Kusungunula kokha kumatha mphindi 10 mpaka 15. Tapani pang'ono ndi supuni, dikirani zizizire, tikitani pakati pa zala. Mukamva kukhakhala, nthawi sinakwane. Timibulu tomatirira m'mbali mwa poto tipukuteni ndi kaburashi konyowa.

Za kupserera: poto wopyapyala ndi moto waukali. Mkaka wa condensed umagwira pansi msanga. Pa mbaula zimatheka, koma dikirani makala ayambe kuchita phulusa, ndipo mthiko usachoke pansi pa poto. Timadontho tabulauni tikayamba kuoneka, phulani kaye, muchepetse moto. Tikakhala takuda ndi fungo lowawa, palibenso chowombola.

Majarini ndimamukana. Wofewa uja ali ndi madzi ambiri, ndipo kukoma kwa tablet theka lake ndi batala. Shuga wabulauni atha kugwira ntchito, koma mtundu ndi kakomedwe zimasintha. Poyamba phunzirirani pa woyera.

Kaphikidwe kake

Shuga woyera magalamu 900, mkaka wamadzi mamililita 250, batala magalamu 100, chitini chimodzi cha condensed wotsekemera cha magalamu 397 (osati evaporated). Poto akhale wokhuthala pansi, wa malita 4 kapena kuposa, chifukwa zikawira zimafufuma kwambiri. Pakiranitu batala m'thireyi ya masentimita 20 kwa 30 musanayatse moto.

Sungunulani shuga, mkaka ndi batala pa moto wochepa. Thirani condensed, onjezerani moto pang'ono, muzitakasa osalekeza kwa mphindi pafupifupi 20 mpaka mtundu ufanane ndi chiponde. Ngati mulibe thermometer, donthezani pang'ono m'kapu ya madzi ozizira: zikaumbika kampira kofewa kosamwazika, phulani. Dikirani mphindi zisanu, kenako takasani mwamphamvu ndi mthiko kwa mphindi 5 mpaka 10. Kunyezimira kukatha, mthiko n'kuyamba kulemera ndipo m'mbali mukumveka kukhakhala, thirani m'thireyi nthawi yomweyo. Mukachedwa mphindi imodzi yokha mumukumba ndi mpeni m'poto. Pakatha mphindi 20 lembani mizere ndi mpeni, musiye usiku wonse pamalo ouma, osati mu firiji. Nyengo yamvula tablet amayamwa chinyezi, choncho mutsekereni m'chitini akangozizira.

Ana asayandikire poto ameneyu. Shuga wowira amatentha kuposa madzi owira ndipo amamatirira pakhungu. Akakudonthokerani, thirirani madzi ozizira pamalopo kwa mphindi 20.