Za mzungu wa m'sutikesi uja

Eee msuweni, uthenga wako ndauona. Zolemba ayi, m'manja muli ufa okhaokha, ndingolankhula. Wati wapeza chithunzi cha mayi wachizungu m'sutikesi ya amalume, kumbuyo atalemba okha kuti Fay Wray, ndiye ukufunsa kuti ameneyu ndi ndani. Hehe. Iwe ndimakudziwa. Mpaka kuwonjezera kuti "ndangofunsa chabe, amayi sindinawaonetse." Wangofunsa chabe? Iwe ukufuna kudziwa ngati bambo ako anali ndi kamzungu kawo ku Joni, eti?

Khala pansi, mtima ungakuphulike. Mayi ameneyo anabadwa mu 1907, ku Canada. Pamene amalume ankakwera ndege ya Wenela, iye anali atapitirira kale zaka 50, ali ku America uko. Ndiye akanakumana kuti, m'mugodi? Anali wa mafilimu, wa ku Hollywood, nthawi imene mafilimu ambiri anali akuda ndi oyera. King Kong, ya chinyani chija. Osati imene munkaonera ku vidiyo sho ija, ija ndi ya 2005, muli Naomi Watts. Ndikunena yoyambirira, ya 1933. Mkazi amene chinyani chikumunyamula m'dzanja ndi iyeyo.

Dikira kaye, mphika. Ehe.

Tsono iwe unali usanabadwe, kapena unali kumbuyo, kaya. Ayi ndanama, unali usanabadwe, poti chinali chaka chimene nkhokwe ya agogo inagwa. Amalume filimu imeneyi anaionera ku bayisikopo ku Joni, akuti katatu. Atabwerako, madzulo alionse tikatha kudya ankatichitira yonse, yekhayekha munthu mmodzi. Chulu chija cha kuseri kwa khola ndiye chinali Empire State Building, chinyumba chachitali cha ku New York chimene chinyani chimakwera kumapeto. Amavula malaya, kuvala jekete ya ku Joni ija mopidigula kuti ubweya ukhale kunja, n'kutola chitsononkho, kuchimangira ndevu za chimanga kumutu, ati uyu ndi Feyi. Ife ana tinali ndege. Timazungulira chulu manja tatambasula, tikulira ngati injini, iwo akudziguguda pachifuwa, akutikwapula ndi nthambi ya bulugamu. Ine nthambiyo inandipeza pakhutu, mpaka lero ndikamva fungo la bulugamu khutu limatentha.

Ndiye tsiku lina anati lero ndikuonetseni mmene Feyi amakuwira. Amayi ine! Munthu wamkulu, wandevu, kutulutsa mawu opyapyala ngati mluzu. Agalu a mudzi wonse anayamba kuuwa. Anthu a kutsidya anafika ndi zibonga ndi miuni, kuyesa fisi wagwira mwana, kudzapeza bambo ako ali pamwamba pa chulu, opanda malaya, chitsononkho m'manja. Agogo sanawalankhule masiku awiri. Nsima ankangowakankhira ndi phazi, mbale ikuyenda yokha pamkeka.

Komatu kukuwako ndi kumene mayiyo anatchuka nako, si nthabwala. Zaka ziwiri zokha, 1932 ndi 1933, anasewera mafilimu oopsa motsatizana, Doctor X, The Vampire Bat, ina ya zidole za phula, Mystery of the Wax Museum, kenako King Kong. Ntchito yake kukuwa basi, ndipo ankakuwa mokoma. Tsitsi loyera ukuliona pachithunzipo, ngati ndi cha King Kong, ndi wigi, lake linali loderapo. Ndipo mkulu wa filimuyo, Merian Cooper, anamunyengerera kuti usewera ndi mwamuna wamtali ndi wakuda kuposa onse mu Hollywood. Mayi kusangalala kuti wapeza njonda. Kukafika, nyani. Ngati mmene anakuchitira mlamu wathu uja, hehe, pepa, pepa.

Chinyanicho nachonso, amalume anamwalira akukhulupirira kuti chinali chenicheni. Ine ndinadzamva nditakula kuti chinali kachidole, kosafika ndi theka la mita, mafupa achitsulo, kunja ubweya wa kalulu. Bambo wina, Willis O'Brien, ankakasuntha pang'ono, kujambula, kusuntha pang'ono, kujambula, zithunzi 24 kuti papite sekondi imodzi. Ukayang'anitsitsa ubweya umaoneka ukugwedezeka wokha, ndi zala za anthu zimene zinkakagwira. Dzanja lonyamula Fay lija ndi lina, chidzanja chachikulu chochita kupanga. Ndinawauzapo amalume zimenezi, anangondiyang'ana n'kunena kuti iwe unaliko? Ndinakhala chete. Ndipo kunena zoona, za masiku ano za pakompyutazi sizindiopsa ngati kachidole kaja.

Mayiyo anakhalitsa, anamwalira mu Ogasiti 2004 ku New York ali ndi zaka 96. Chinyumba chija anachizimitsa magetsi mphindi 15 pomulira. Kuno akazima tsiku lonse sitiuzidwa n'komwe kuti tikulira ndani.

Aaa, ndimati chiyani? Eya, amayi ako. Iwe msuweni, zaka zonsezi sunadzifunsepo kuti n'chifukwa chiyani akuluakulu onse amawatchula kuti a Feyi, pamene pa chiphaso chawo palibe dzina limenelo? Sabata yoyamba ya ukwati khoswe anawagwera kuchoka kudenga, anakuwa mpaka agogo kutaya mtondo. Amalume kungoti, basi, ndamupeza Feyi wanga. Chithunzicho amachidziwa bwinobwino, chinkakhala pakhoma pafupi ndi kalendala, anachichotsa okha nthawi ya maliro ija poopa kuti chisowa. Ndiye usachibise, kawapatse.

Wamva? Usachiike pansi pa matilesi ngati wapeza mlandu. Pita nacho, uwapatse m'manja, uwafunse za khoswe. Aseka mpaka misozi, mwina alirako pang'ono, asiye alire.

Ndipo jekete ija ngati ilimo m'sutikesimo ndi yanga, ndinailipira ndi khutu. Nsima yanga ikupserera. Koma chithunzicho kwa a Feyi, lero lomwe, usadikire Lamulungu.