Mafunso a Owerenga: Kodi Kuchigwa Kuno Kuli Msika wa Pamadzi?

FUNSO: A Mkonzi, ndine mphunzitsi ku Nchalo, komwe ndakhala zaka ziwiri tsopano, koma kwathu ndi ku Dedza. Alamu anga akubwera kudzacheza ndi ana awo awiri, ndipo ataona pa Facebook kanema wa msika wa ku Thailand, komwe amalonda amagulitsira m'mabwato, andifunsa ngati mumtsinje wa Shire muli msika wotere woti tingakaone n'kubwerako tsiku lomwelo. Mnzanga wina akuti ulipo ku Elephant Marsh, pomwe wina akuti limenelo ndi bodza. Ndimvere uti? Mphunzitsi, Nchalo.

YANKHO: Aphunzitsi, anzanu awiriwo aliyense walondola mbali yake. Msika womwe umaoneka kwambiri m'makanema otere ndi wa Damnoen Saduak, womwe uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera mumzinda wa Bangkok, pa ngalande yomwe inakumbidwa m'zaka za m'ma 1860. Lero msikawo umadalira alendo odzaona malo, moti amalonda ake amayandama n'kumadikira alendowo ndi zipatso, zophikaphika ndi zipewa. Msika wa mtundu umenewo, wokhala ndi dzina, chikwangwani ndi malo odulira tikiti, kuchigwa kuno kulibe, ndipo ndi bwino alamu anu adziwiretu zimenezi asanakwere basi.

Chomwe chilipo ndi malonda a padooko, ndipo kwa ine amenewa ndiwo oyenera kudzukira m'bandakucha. Elephant Marsh ndi dambo lalikulu lomwe Shire amamwazikiramo pakati pa Chikwawa ndi Chiromo, ndipo anthu ambiri a m'mbali mwake amasodza kapena kulima madimba m'malo omwe galimoto, ngolo ngakhale njinga sizingafike. Kwa iwo bwato ndiye ngolo. Likafika padooko, nthawi zambiri katundu satsitsidwa n'komwe: ogula amalowa m'madzi ofika m'maondo, ena amayandikira ndi mabwato awo, ndipo kunenerera mitengo kumachitikira pomwepo, wogulitsa nkhafi ili m'manja. Mudzapezamo mlamba, makakana ndi dowe, nsomba yaitali ija yomwe imatha kudzikwirira m'matope madzi akaphwa, komanso mbatata, chimanga chachiwisi, maungu ndi masamba a kudimba. Mukachita mwayi mudzaonanso nyika, tizinthu tonga mbatata tomwe amazula pansi pa madzi, patsinde pa maluwa a m'dambo. Anawo akaziona muwafotokozere kuti chimenechi ndi chakudya chomwe chimapulumutsa mabanja a kuno m'zaka za njala, ndipo kuti ozula amalowa m'madzi momwe muli ng'ona, kuti asachiseke pamaso pa eni ake.

Nkhani yaikulu pa ulendo wanu ndi nthawi. Asodzi amavuula maukonde usiku kapena m'bandakucha, ndipo opikula nsomba, omwe amakazigulitsa ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula mpaka ku Blantyre, amakhala atafika kale ndi njinga zawo dzuwa lisanatuluke. Pofika 9 koloko nsomba zabwino zimakhala zitapita, zotsala azing'amba kuti aziwambe, ndipo padooko pamatsala amayi ochapa ndi ana osewera. Alendo ambiri omwe amabwerako akudandaula kuti sanaone kanthu amakhala kuti anayamba amwa tiyi kunyumba n'kunyamuka dzuwa litakwera. Inuyo yesetsani kufika cha m'ma 6 koloko.

Pa za malo, dooko lodziwika kwa alendo ndi la Mchacha James, lomwe lili kutsidya la kum'mawa kwa dambolo, chakufupi ndi Makhanga. Kuchokera ku Nchalo pagalimoto muyenera kubwerera kumpoto pa msewu wa M1, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kukhotera pa Thabwa kutsata msewu wa East Bank, ulendo womwe ndi wautali ndithu kwa munthu wofuna kufika mamawa. N'chifukwa chake inu a ku Nchalo ndikukulangizani kulowera kumwera mpaka ku Bangula ndi kukafika pa Mtayamoyo. Madzi osefukira atadula njanji ndi msewu pamenepa mu 1997, anthu a mbali ziwirizi anayamba kudalira mabwato powoloka, moti munthu ukaima pamenepo m'mawa umaona matumba a chimanga, njinga, nkhuku ndi madengu a nsomba zikuwoloka, malonda akuchitika m'mbali monse. Ngati n'kotheka, funsaninso makolo a ana a sukulu yanu omwe amasodza, chifukwa madooko ang'onoang'ono a kutsidya lino amasuntha malinga ndi madzi, ndipo eni dera ndiwo amadziwa lomwe lili ndi anthu mwezi umenewo.

Miyezi yabwino ndi ya June mpaka August, pomwe kunja kumazizirirako, misewu yafumbi imakhala youma, ndipo za kudimba zimakhala zitayamba kucha. Mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo ana ozolowera mphepo ya ku Dedza sangapirire m'bwato lopanda mthunzi. Nyengo ya dzinja ndiye musayese n'komwe. Aliyense wokumbukira madzi a mu 2015, namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 akudziwa momwe Shire ndi Ruo amasinthira usiku umodzi wokha.

Mukafika, yambani mwaonana ndi wapampando wa komiti ya asodzi ya padookopo kapena a nyakwawa, amene angakulozereni wopalasa bwato wodalirika, ndipo mtengo wa ulendo wa m'dambo mugwirizane musanakwere. Tengani ndalama zing'onozing'ono, chifukwa msodzi wongotuluka m'madzi sakhala ndi chenji, komanso ndowa kapena beseni loikamo nsomba. Mupite ngati ogula. Munthu wongoyendayenda ndi foni m'manja, kujambula anthu osawapempha, amatopetsa amene ali pantchito, pomwe wogula mulu umodzi wa makakana amamuchezetsa, kumuuza mayina a nsomba, mwinanso kumuikira basela. Wogulitsa akanena kuti "takhuta", alamu anu asadabwe kuti munthuyo wadya nthawi yanji, pakuti m'Chisena mawuwo ndi othokoza.

Anawo akadzafunsa za njovu zomwe zili m'dzina la dambolo, muwauze kuti dzinalo linachokera kwa David Livingstone, yemwe anadutsa kuno mu 1859 n'kulemba kuti anaona njovu pafupifupi 800. Lero m'dambomo mulibenso njovu, ndipo wozifuna amapita ku Majete. Chatsala ndi mbalame zamitundumitundu, zomwe zinathandiza kuti mu 2017 dambolo lilembedwe pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, kutsatira nyanja ya Chilwa yomwe inalembedwa mu 1996.

FUNSO: Ana anga akhala akundivutitsa kuti ndikawakweze bwato la mtengo kudambo. Kodi si kuika moyo wawo pachiswe? Mayi wa ana atatu, Ngabu.

YANKHO: Mayi, mantha anu ndi omveka, chifukwa ng'ona ndi mvuu m'dambomo zilimodi, ndipo mabwato ambiri a kumeneko sakhala ndi majekete oyandamitsa munthu m'madzi. Ngati ana anu ndi aang'ono kapena sadziwa kusambira, aonereni malondawo ali pamtunda, kutali pang'ono ndi m'mphepete mwa madzi, makamaka pamalo pomwe asodzi amatumbulira nsomba, popeza matumbo otayidwa m'madzi amaitana ng'ona. Ngati ndi okulirapo, sankhani bwato lalikulu lomwe silinadzaze katundu, aliyense akhale pansi osaimirira kapena kuviika manja m'madzi, ndipo wopalasa akanena kuti njira ina ili ndi mvuu kapena yatsekedwa ndi namasupuni, musalimbane naye. Asasambe m'dambomo chifukwa cha likodzo, madzi akumwa mutenge kunyumba, ndipo mubwerere kumtunda masana asanafike, mphepo isanayambe kuvundula madzi.